Andipatsa pepala la UAT kuti ndisayine, koma makalaliki athu sanaigwirepo pulogalamuyi

Mlembi wa ku Lifuwu

Moni nonse. Ndine mlembi wa koparetivi ya alimi a mpunga kuno ku Salima, mbali ya Lifuwu. Ndili ndi funso limene landisowetsa tulo, ndipo ndikupempha inu amene mumadziwa za makompyuta kuti mundithandize tisanafike nyengo yokolola.

Chaka chatha bungwe lina lotithandiza linalemba ntchito kampani ya ku Lilongwe kuti itipangire pulogalamu ya pa foni yolembera mpunga umene mamembala amabweretsa ku nkhokwe. Mpaka lero timalemba m'kaundula ndi bolopeni: dzina la mlimi, mtundu wa mpunga, kaya Kilombero kaya Faya, makilogalamu, ngongole ya feteleza ndi mbewu yoti tidule, kenaka ndalama zotsala. Akuti pulogalamuyi izichita zonsezi yokha, n'kutumizanso uthenga pa foni ya mlimi.

Sabata yatha anyamata a kampaniyo anabwera ku Salima boma ndipo tinakumana m'holo ya pa loji ina. Tinalipo ine, atcheyamani, msungichuma ndi bwana wa polojekiti wa ku bungwe lotithandiza lija. Anabwera ndi pepala lalitali la zinthu zoti tione, ndipo chilichonse chikatheka ankachonga. Zonse zinayenda bwino, sindinganame. Pomaliza anatulutsa pepala lina lolembedwa UAT pamwamba, akuti tisayine kuti talandira ntchito. Ine ndinapempha kuti ndiyambe ndaganiza kaye. Bwana wa polojekiti anati ndisade nkhawa chifukwa kutsogoloku kudzakhalanso end user testing.

Ndiye funso langa ndi ili: ziwirizi zikusiyana pati? Chimene chikundivuta n'chakuti amene adzagwire foni si ife amene tinali m'holomo. Ndi makalaliki athu awiri a pa sikelo, ndipo mmodzi mwa iwo ndi mayi wachikulire amene foni yake ndi ya mabatani, koma pa masamu a m'mutu palibe amene angawapose. Pa sikelo pamakhala dzuwa, fumbi la mankhusu, mzere wa anthu amene apalasa njinga kuyambira mbandakucha, ndi netiweki yoduladula. M'holo muja munalibe chilichonse mwa zimenezi. Ndikasayina, ndiye kuti ndavomera chiyani kwenikweni? Mamembala akadzadandaula adzabwera pakhomo panga, osati ku Lilongwe.

Mwana wa pa Dwangwa

Mayi mlembi, mwachita bwino kusafulumira ndi bolopeni. Ine kwathu ndi ku Dwangwa koma ndimalemba mapulogalamu ku Lilongwe, choncho mapepala ngati limenelo ndimawadziwa bwino.

UAT, kapena kuti user acceptance testing, ndiye kuti mayeso olandirira ntchito, imayankha funso limodzi: kodi chimene apangachi ndi chimene munagwirizana? Ntchito isanayambe pamalembedwa chikalata cha zofunika, monga kuti pulogalamu izitha kulembetsa membala, izichulukitsa makilogalamu ndi mtengo, izidula ngongole, izitulutsa lipoti la pa mwezi. Tsiku la UAT mzere uliwonse wa chikalatacho umasanduka mayeso, ndipo yankho lake limakhala "zatheka" kapena "zakanika". Amene ali ndi mawu omaliza ndi mwini ntchito, ndiye kuti wolipira kapena omuyimira. Mathero ake ndi siginecha, ndipo siginecha imeneyo ili ndi mano. M'makontirakiti ambiri ndi imene imatsegula malipiro omaliza a kampani, ndiponso ndi imene imayambitsa kuwerenga miyezi imene kampani imakonza zolakwika osalipiritsa. Miyeziyo ikatha, kapena mukapempha chinthu chimene sichinalembedwe m'chikalata chija, amakuuzani kuti imeneyo ndi change request, ndiye kuti pempho losintha pulogalamu, ndalama zake n'zapadera. Bungwe lothandiza likakhala kuti latseka polojekiti, ndalamazo zichokera m'thumba la alimi.

End user testing imafunsa china: kodi munthu amene azigwiritsa ntchito pulogalamuyi tsiku ndi tsiku angamalize nayo ntchito yake, ali pamalo pake, popanda womugwira dzanja? Apa simumuuza batani loti adine. Mumangomupatsa ntchito, monga kuti "mlimi uyu wabweretsa matumba 7 a Kilombero ndipo ali ndi ngongole ya feteleza, mulembereni," kenaka mumatseka pakamwa n'kumaonerera. Chimene mumatuluka nacho si chonga, ndi mndandanda wa malo amene anaima, anabwerera m'mbuyo, kapena analemba zolakwika iye osadziwa.

Kwathu kunyanja munthu akapangitsa bwato la matabwa, tsiku lolandira amayeza utali, amaona matabwa ngati ali amene anagwirizana, amayang'ana mipata ngati yamatidwa, zonsezi bwato lili pa mchenga. Mmisiri akhoza kukwaniritsa zonsezo n'kulandira ndalama zake mwachilungamo. Koma m'mene bwatolo lichitire mwera ukawomba, lili ndi makoka onyowa ndi anthu m'kati, amadziwa ndi alovi okha.

Ndikupatseni zitsanzo za zinthu zimene zimadutsa bwinobwino m'holo koma n'kukagwa pa sikelo. Netiweki ikachedwa, kalaliki amadina batani losunga, osaona kanthu, n'kudinanso. Ngati olemba pulogalamu sanatseke mpata umenewo, thumba limodzi lalowa kawiri, ndipo msungichuma adzazindikira kumapeto kwa mwezi ndalama zitapita kale. China ndi mayina. Mu koparetivi imodzi mukhoza kukhala a Banda ndi a Phiri angapo ofanana mayina onse awiri. Kalaliki wanu m'kaundula amawasiyanitsa ndi mudzi kapena dzina la mwana, koma pulogalamu ikamangoonetsa dzina lokha, mpunga wa wina ulowa kwa mnzake. Palinso nkhani ya makilogalamu. Sikelo ikawerenga 48.5, kodi pulogalamu ikulola kadontho, kapena ikukweza n'kukhala 49, kapena ikutsitsa? Nanga kulemera kwa thumba lenilenilo ikuchotsa monga momwe mumachitira? Theka la kilogalamu pa thumba limodzi ndi laling'ono, koma pa matumba a nyengo yonse ndi mlandu.

Ndiye pali zina zimene palibe amene amazilemba m'chikalata chifukwa kwa inu n'zachidziwikire. Membala ndi bambo koma wabweretsa mpunga ndi mayi. Nambala ya Airtel Money kapena Mpamba imene mlimi wapereka inalembetsedwa m'dzina la mwana wake. Mlimi wapempha kuti ngongole mudule theka lokha lero. Mpunga wina wabwera wosauma, chinyezi chapitirira 14 peresenti, mwaubweza kuti akayanikenso koma kalaliki anali ataulemba kale. Kaundula wa pepala amalola zonsezi chifukwa bolopeni imalemba m'mbali. Pulogalamu imalola zokhazo zimene wina anaziganizira.

Langizo langa ndi lakuti musasayine mpaka mutaona kontirakiti ndi chikalata cha zofunika chija, komanso mpaka makalaliki anu ataigwira foni pa sikelo penipeni.

Nachisale wa pa boma

Achimwene a pa Dwangwa, ndikugwirizana nanu pa zambiri, koma mzere mwaudula mowongoka kwambiri, ndipo ndikuopa kuti mayiwa angaganize kuti UAT ndi ya mabwana okha. Ine ntchito yanga ndi yoyesa mapulogalamu, ndimakhala ku Nkhotakota boma. Malinga ndi ISTQB, bungwe limene limapereka masatifiketi a ntchito yathuyi, cholinga cha UAT ndi kuona ngati anthu amene pulogalamu yawapangidwira akuilandira kuti ikukwaniritsa zosowa zawo. Ndiye UAT yochitika bwino imayenera kukhala ndi makalalikiwo m'kati. Vuto ndi lakuti pa ntchito zambiri zimene ndaona, amaitana anthu a maudindo chifukwa ndi amene siginecha yawo imawerengedwa, ogwira ntchito enieni n'kutsala.

Mayi mlembi, ndiyankheni funso limodzi. Tsiku lija, foni kapena laputopu inali m'manja mwa ndani? Ngati ankadina ndi anyamata a kampani inu n'kumavomera, chimene munaona ndi chionetsero. Munthu amene analemba pulogalamu amadutsa njira imene akuidziwa kuti ndi yosalala, osati mwachinyengo ayi, koma chifukwa zala zake zinazolowera. Sangadine pamene mayi anu a pa sikelo angadine.

Za end user testing, dziwani kuti makampani amaichita mosiyanasiyana. Ena amakhala ndi anthu ochepa n'kumaona ngati pulogalamu ndi yosavuta kugwiritsa ntchito. Ena amaipereka kwa gulu laling'ono kuti liziigwiritsa ntchito yeniyeni kwa masabata angapo isanafike kwa onse, imene timati beta. Ena amangochita maphunziro a tsiku limodzi n'kulemba mu lipoti kuti ayesa. Choncho lonjezo la bwana wa polojekiti lisakhale la pakamwa. Apempheni alembe kuti adzayesa ndani, kuti, liti, ndipo chachikulu kuposa zonse, zimene zidzapezeke adzalipira kukonza kwake ndani. Kuyesa kumene kwabwera kampani italandira kale ndalama zonse kumangokupatsani mndandanda wa mavuto opanda wowakonza.

Palinso mtundu wina wa kulandira ntchito umene sunatchulidwe, wa operational acceptance. Uwu umayang'ana zosamalira sisitimu. Foni ikabedwa kapena kugwa m'ngalande ili ndi zolemba za tsiku lonse zimene sizinatumizidwe, zimabwerera bwanji? Kalaliki akaiwala pasiwedi Loweruka, amamutsegulira ndani? Kalaliki akasiya ntchito, amamutsekera ndani? Ndipo polojekiti ikatha, seva, kompyuta ya pa intaneti imene zolemba zanu zikukhala, azilipira ndani, nanga inu mungathe kuzitulutsa zonse pa Excel n'kuzisunga nokha? Auzeni achite zimenezi inu mukuona, asangofotokoza.

Mlembi wa ku Lifuwu

Zikomo kwambiri achimwene, zikomonso achemwali. Laputopu inali m'manja mwa iwowo kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Foni anatipatsa kuti tione m'mene ikuonekera, koma palibe wa ife amene analembapo mlimi. Za a Banda ofanana mayina zandikhudza mtima, chifukwa alipodi, ndipo awiri mwa iwo ndi a mudzi umodzi.

Koma ndifunsenso. Ife tilibe ndalama zoitanira akatswiri, ndipo makalaliki ndi awiri okha. Kodi kuyesa ndi anthu ochepa chonchi kungaonetse kanthu? Komanso mpunga ukadali m'munda, tiyesa ndi chiyani? Sindikufuna kuoneka ngati ndikukana chitukuko, chifukwa pulogalamuyi ndikuifunadi. Kuwonkhetsa kaundula ndi kakyuleta usiku kwatitopetsa.

Agogo a Kaundula

Mwana wanga, ndilowepo pang'ono ngakhale za makompyuta sindinaziphunzire ku sukulu. Ndinagwira ntchito ya ukalaliki pa chipatala china kuno ku Nkhotakota mpaka kupuma, ndipo makompyuta anandipeza ndili kale ndi imvi.

Makina a Baobab aja, makompyuta olembera odwala amene anayambira pa Kamuzu Central Hospital mu 2001 kenaka n'kufalikira m'zipatala zambiri makamaka ku mbali ya ma ARV, anthu ngati ife tinawalandira chifukwa chimodzi. Amene anawapanga anaona kuti ambiri a ife sitinagwirepo kiyibodi, ndiye anaika sikirini yongogusa ndi chala, mabatani akuluakulu, funso limodzi pa nthawi imodzi, ndi kapepala ka mizeremizere komata pa buku la wodwala kuti usalembenso dzina kachiwiri. Zimenezo munthu sangaziganize ali mu ofesi. Amaziganiza amene waima pambali pa kalaliki mzere utafika pa khonde. Ndinaonanso mapulogalamu ena amene mabungwe ankabweretsa, okongola ndithu, koma amangothera mu kabati chifukwa kulemba wodwala mmodzi kunkatenga nthawi yoposa ya kaundula.

Chimene ndikufuna ndikuchenjezeni ndi ulemu wathuwu. Mayi anu a pa sikelowo mukawafunsa pamaso pa atcheyamani ndi alendo a ku Lilongwe kuti "pulogalamuyi mwaiona bwanji?" adzati "ili bwino, tiphunzira." Akakanika kupeza batani adzadziimba mlandu okha kuti ndi ukalamba. Ndiye musawafunse maganizo, aonereni manja. Auzeni poyambirira kuti chimene chikuyesedwa ndi foni, osati iwo, ndipo kuti pamene akakamira paliponse ndi pamene athandiza. Apempheni aziyankhula zimene akuganiza pamene akudina, m'Chichewa, monga momwe amayankhulira okha akamawerenga matumba. Mabwana akhale kutali tsiku limenelo. Mnyamata wa kampani akhalepo mmodzi, ndi kope, koma manja ake akhale m'thumba. Akangoloza sikirini ndi chala, mayesowo awonongeka, chifukwa mwezi wa Juni sadzakhalapo.

Ndipo kaundula musamutaye. Nyengo yoyamba lembani monse muwiri, madzulo muzifananitsa. Ndi ntchito yowirikiza, inde, koma mlimi akabwera kudzatsutsa makilogalamu ake mudzakhala ndi pogwira.

Nachisale wa pa boma

Agogo anena zimene ife timalipira ndalama kuti tikaphunzire. Ndingowonjezera pa funso la chiwerengero. Jakob Nielsen, katswiri wa nkhani zimenezi, anaonetsa kuti anthu 5 okha amakwanira kuvumbula pafupifupi 85 peresenti ya mavuto a kagwiritsidwe ntchito, ndipo kuti ndi bwino kuyesa pang'ono, kukonza, n'kuyesanso, kusiyana ndi kusonkhanitsa khamu kamodzi. Inu muli ndi makalaliki awiri, inuyo, msungichuma, ndi amene amagwirizira kalaliki akadwala. Akwana. Koma alimi musawaiwale, chifukwa uthenga wa pa foni uja akulandira ndi iwo. Tengani angapo, ena odziwa kuwerenga bwino ena ovutikira, muwatumizire uthengawo, kenaka muwafunse kuti "mwagulitsa makilogalamu angati, adula zingati, mulandira zingati?" Akalephera kuyankha, uthengawo walembedwa molakwika. Onaninso kutalika kwake. SMS imodzi imatenga zilembo 160, ndipo Chichewa chathu sichichedwa kudutsa pamenepo. Zikadutsa, mukulipira mauthenga awiri pa mlimi aliyense nthawi iliyonse.

Mpunga simukusowa. Tengani masamba angapo a kaundula wa chaka chatha, makamaka a tsiku limene munali anthu ambiri ndi masamba amene ali ndi zofufutafufuta, chifukwa m'menemo ndi mmene muli nkhani zovuta. Mayankho ake mukuwadziwa kale, ndiye mudzaona ngati pulogalamu ikutulutsa ndalama zofanana. Mayina ndi manambala a foni musinthe musanalowetse mu sisitimu yoyeserera. Dziko lathu lili ndi lamulo la Data Protection Act la 2024, ndipo ngakhale lamulo likanapanda kukhalapo, ngongole ya munthu si nkhani yoti iziyenda m'malaputopu a alendo, komanso simukufuna kuti mlimi alandire uthenga wa ndalama zimene kulibe. Pa sikelo ikani matumba a chimanga kapena mchenga. Muchite masana dzuwa lili pamutu, ndi foni yeniyeni imene koparetivi idzagwiritse ntchito, osati ya mnyamata wa kampani. Pakati pa kulemba mlimi, zimitsani data muone chimene chichitike. Kenaka zimitsani foni yonse. Muyezenso nthawi: mlimi mmodzi pa kaundula amatenga mphindi zingati, pa foni zingati.

Tsopano apa ndi pamene ziwiri zija zimakumana. Zimene mwapeza pa sikelo muzisandutse mizere ya pa pepala la UAT. Musalembe kuti "pulogalamu ikhale yosavuta," chifukwa mawu amenewo palibe amene angapambane nawo mkangano. Lembani zoyezeka: kalaliki athe kulemba mlimi mmodzi popanda netiweki ndiponso popanda womuthandiza, pa nthawi yosaposa ya kaundula, kudina kawiri kusalowetse thumba kawiri, posankha mlimi pazioneka mudzi ndi nambala ya umembala. Mavutowo muwagawe. Amene akhudza ndalama kapena kutayika kwa zolemba, osasayina mpaka atakonzedwa ndi kuyesedwanso. Ang'onoang'ono, monga mawu olembedwa molakwika, mukhoza kusayina koma atalembedwa pa pepala lomwelo ndi tsiku limene adzakhale atakonzedwa. Kumeneku si kukana chitukuko, mayi, ndi ntchito imene mamembala anakusankhirani.

Mwana wa pa Dwangwa

Achemwali, ndavomera, makalaliki amayenera kukhala m'holomo kuyambira pachiyambi. Mayi mlembi, musaope kuti a kampani akwiya. Mwina achita tsinya chifukwa malipiro achedwa, koma vuto lopezeka panopa timalikonza titakhala pansi, pamene lopezeka pakati pa nyengo yogula timalikonza usiku alimi ali pa mzere. Njira yosavuta ndi kulankhula ndi bwana wa polojekiti kaye, chifukwa kontirakiti ili m'manja mwa bungwe lawo. Muwalembere kalata yaifupi yosainidwa ndi komiti, yonena kuti mwakondwa ndi zimene munaona, ndipo mukupempha tsiku loyesa pa sikelo musanasayine.

Chinthu chimodzi chomaliza chimene ambiri amachiphonya. Pulogalamu iliyonse imakhala ndi nambala ya version, kawirikawiri imaoneka pansi pa tsamba lolowera kapena m'masetingi. Tsiku loyesa ikopereni pa pepala limene mudzasayine. Akakonza mavuto nambalayo isintha, ndipo mudzayenera kubwerezanso masamba a kaundula aja onse, osati malo okonzedwa okha, chifukwa pokonza za mayina akhoza kugwedeza za ngongole osadziwa. Imene idzaikidwe m'mafoni a makalaliki ikhale ya nambala yomwe munayesa komaliza.